Ulendo wa ku Roopkund, Thamanda la Mafupa

Nkhani ya lero ikutengera omvera kutali, kumpoto kwa dziko la India, ku mapiri a Himalaya, m'boma la Chamoli m'chigawo cha Uttarakhand. Kumeneko kuli kanyanja kotchedwa Roopkund. Kukatchula kuti kanyanja n'kukalemekeza chabe, pakuti m'mimba mwake ndi mamita ngati 40 okha, ndipo kuya kwake ndi mamita atatu kapena kuchepera apo; munthu wokulira m'mphepete mwa nyanja yeniyeni angangoti ndi thamanda. Chimene chidalitchukitsa thamandali ndicho malo amene lili ndi zinthu zimene lidasunga. Lili pa mtunda wa mamita opitirira 5,000 kuchokera pamene pamalekeza madzi a nyanja yamchere, ndiye kuti munthu woima pa nsonga ya Sapitwa, pa phiri la Mulanje, angafunike kukweranso mamita ena 2,000 kuti alifike. Ndipo m'madzi mwake ndi m'mbali mwake muli mafupa a anthu mazana angapo.

Miyezi yambiri ya chaka thamandali limakhala loundana gwa, chipale chofewa chitalikwirira, kotero kuti wodutsa sangadziwe n'komwe kuti pansi pa mapazi ake pali madzi. Koma kumapeto kwa nyengo ya mvula ya kumeneko, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, madziwo amasungunuka kwa masabata owerengeka, ndipo zobisika zimaonekera poyera. M'chaka cha 1942 mlonda wa nkhalango, a Hari Kishan Madhwal, adafika pamalopo ali pa ntchito yawo, naona zigaza, nthiti ndi mafupa a miyendo zili mbwee pakati pa miyala. Anthu a m'midzi ya m'munsi ankadziwa kale za mafupawo, koma mau a mlondayu ndiwo adakafika ku boma. Nthawi imeneyo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idali m'kati, ndipo Angerezi, amene ankalamulira India, adayamba achita mantha poganiza kuti mwina awa adali asilikali a ku Japan amene adafera m'njira pofuna kulowa m'dzikomo mozemba. Mitima idakhala pansi ataona kuti mafupawo ndi akalekale. Kuzizira ndiko kudasunga tsitsi ndi mnofu pa ena mwa iwo, n'kumaoneka ngati a dzana.

Wofuna kukadzionera yekha amatsika sitima pa Kathgodam, pamene njanji imathera m'tsinde mwa mapiri. Kuchokera apo amayenda tsiku lathunthu pa galimoto, m'miseu yokhotakhota yolambalala maphompho, kufikira mudzi wa Lohajung, pa mamita ngati 2,300. Ambiri amayambira pamenepa kuyenda pansi, ngakhale ena amapitirira pa galimoto mpaka mudzi wa Wan. Katundu wolemera, monga mahema, chakudya ndi mafuta ophikira, amasenzetsa nyulu ndi amtengatenga, ndipo patsogolo pamakhala namulondola wa m'midzi yomweyo. Kupita ndi kubwera ndi makilomita opitirira 50 pang'ono, koma ulendowo umadya masiku asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Mlimi wozolowera kuyenda mtunda wotere masiku awiri okha angaseke pomva zimenezi, n'kumati alendowo ndi aulesi. Chimene chimawachedwetsa ndi mpweya, monga kudzamvekera kutsogoloku.

Tsiku loyamba limayamba mokhumudwitsa, chifukwa njira imatsika m'malo mokwera. Imatsetsereka mpaka ku mtsinje wa Neel Ganga, ndipo mtunda wonse umene munthu wataya potsikapo amaubwezera ndi thukuta tsidya linalo, pokwera ku mudzi wa Didna. Kumtunda kwa mudziwo kuli nkhalango yowirira ya mitengo ikuluikulu yovala ndere, pamodzi ndi mitengo ya rhododendron imene imachita maluwa ofiira psuu nyengo ya chisanu ikangotha. Chikweza chake n'choimirira, ndipo munthu amayenda maola angapo osaona kanthu kena koma mizu ndi zidendene za mnzake. Kenaka, cha pa mamita 3,300, mitengo imangoleka mwadzidzidzi ngati wina adaidula ndi chingwe, ndipo maso amagwera pa msipu wosalala, wobiriwira, wotambalala pa misana ya mapiri mpaka kumene maso amalekeza. Msipu wotere eni ake amautcha bugyal. Woyamba ndi Ali Bugyal, wotsatira ndi Bedni Bugyal, ndipo kuyambira kale abusa akhala akukwera nazo kuno nkhosa, mbuzi ndi akavalo m'miyezi yofunda.

Kukacha bwino, phiri la Trisul limaoneka pafupi ngati lolikhudza ndi dzanja, loyera mbee, mamita 7,120, ndipo pambali pake pali la Nanda Ghunti. Trisul lili ndi mbiri yakeyake: m'chaka cha 1907 Mngerezi wina, a Tom Longstaff, pamodzi ndi anzawo atatu, adafika pa nsonga yake, ndipo panthawiyo padalibe nsonga ina yaitali kuposa iyi imene munthu ankadziwika kuti adaponda.

Pa msipu wokongolawu ndi pamene thupi limayamba kudandaula. Munthu akamakwera, mpweya umapepuka. Pa mamita 5,000, akakoka mpweya kamodzi amalandira okosijeni wongopitirira pang'ono theka la amene akadalandira ali m'mbali mwa nyanja yamchere. Thupi limatha kuzolowera, koma limafuna masiku: limayamba kupuma mofulumira, mtima umagunda kwambiri, ndipo pang'onopang'ono magazi amasintha kuti azinyamula okosijeni wochuluka. Wokwera mothamanga amalimana thupi nthawi imeneyi. Choyamba chimabwera ndi mutu wowawa, nseru, kusafuna chakudya ndi kusowa tulo. Akaumirira kukwerabe, madzi angathe kudzaza m'mapapo, munthu n'kumatsokomola ndi kubanika ngakhale ali chikhalire. Kapena bongo ungathe kutupa, iye n'kumadzandira ngati woledzera ndi kulankhula zosokonezeka. Zikafika apa, moyo ungathe kutha tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala alipo othandiza thupi kuzolowera, koma chopulumutsa chenicheni n'chimodzi, ndicho kutsika msanga, ngakhale pakati pa usiku.

N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti munthu akapitirira mamita 3,000, malo ogona usiku uno asapose a dzulo ndi mamita opitirira 500, ndiponso kuti pakapita masiku atatu kapena anai apumule tsiku lathunthu. Chodabwitsa n'chakuti matendawa sayang'ana mphamvu. Mnyamata wa masewera, amene amasiya anzake kumbuyo n'kukafika pa msasa dzuwa lili pamutu, ndiye kawirikawiri amagona akubuula, pamene mayi wachikulire woyenda ngati akuwerenga mapazi amadzuka m'mawa ali bwino. Ophika nawonso amaona zawo: pa mtunda wotere madzi amawira asanatenthe kwenikweni, cha pa madigiri 83 m'malo mwa 100, kotero kuti mpunga ndi nyemba zimachedwa kupsa. Kuzizira kumaonjezeka ndi madigiri ngati asanu ndi limodzi pa mamita 1,000 aliwonse, ndipo usiku madzi a m'botolo amaundana pambali pa wogona.

Njira imeneyi sidatsegulidwe ndi alendo a makamera. Ndi njira ya chipembedzo. Anthu a m'mapiriwa amalemekeza mulungu wamkazi Nanda Devi, amene dzina lake lilinso pa phiri lalitali koposa m'chigawochi, la mamita 7,816. Iwo amamuona ngati mwana wawo wamkazi amene adatengedwa chitengwa ndi Shiva, mwini nsonga za chisanu. Mwana wotengwa amabwera kudzacheza kwawo, ndipo akatha kucheza abale ake amayenera kumperekeza. Kuperekeza kwakukulu kumatchedwa Nanda Devi Raj Jat, ndipo mwambo umati kuzichitika pakapita zaka khumi ndi ziwiri, ngakhale nthawi zina zaka zimapitirira: kudachitika mu 1987, mu 2000, ndiponso mu 2014, katachedwa chifukwa cha madzi osefukira amene adapha anthu zikwizikwi m'chigawochi mu 2013. Khamu limanyamuka pa mudzi wa Nauti n'kuyenda makilomita ngati 280 m'masabata atatu, ambiri opanda nsapato, likutsogozedwa ndi nkhosa yamphongo ya nyanga zinai. Pa dziwe la Bedni limaima n'kupereka nsembe zokumbukira makolo. Kenaka limakwera, kudutsa m'mbali mwa Roopkund, kukathera pa Homkund, pamene nkhosa ija imamasulidwa itasenza mphatso za mwana wotengwayo, n'kusiyidwa kuti ipite yokha ku mapiri.

Pamwambo umenewu mpamene padachokera yankho loyamba la funso la mafupa aja. Nyimbo za amayi a m'midziyi zimasimba za mfumu ya ku Kanauj, dzina lake Jasdhaval, imene idabwera pa ulendo wopatulikawu monyada, pamodzi ndi mkazi wake Balampa ali ndi pakati, antchito, ndi atsikana ovina. Zonsezi zidali zolaula malo oyera. Ovinawo nthaka idawameza, ndipo mpaka lero anamulondola amaloza maenje pa malo otchedwa Patar Nachauni, cha pa mamita 3,900, kuti ndi momwe adalowera. Mfumu ndi gulu lake adapitirira, koma atafika pa thamanda matalala akuluakulu adawagwera, ndipo padalibe mtengo kapena denga loti abisalepo.

Kuchoka pa Patar Nachauni msipu umatha, kutsala miyala ndi mphepo. Njira imakwera mozungulirazungulira mpaka pa kachisi wa miyala wa Kalu Vinayak, m'mene muli fano lakuda la Ganesh, ndipo apa ngakhale mlendo wosapembedza amaima, pena chifukwa cha ulemu, pena chifukwa mpweya wamthera. Patsogolo pang'ono pali Bhagwabasa, cha pa mamita 4,300, malo otsiriza ogona. Ndi malo ouma, a miyala yokhayokha, koma m'nyengo ya mvula m'ming'alu mwake mumamera duwa lotuwa lotchedwa brahma kamal, limene anthu amapereka kwa Nanda Devi. Tulo ta pa Bhagwabasa n'tochepa. Munthu amagona atavala zonse zimene ali nazo, n'kumadzidzimuka kawirikawiri ngati wina wamtseka pakamwa.

Chigawo chotsiriza chimayambika usiku, cha m'ma 3 kapena 4 koloko, ndi nyali zomangirira pamphumi. Kulawira kotere kuli ndi zifukwa ziwiri. Usiku chipale chimakhala cholimba ndipo phazi limagwira. Dzuwa likachiomba chimafewa, munthu n'kumatitimira kapena kuterereka pa malo amene kuterereka kulibe pothera pafupi. Chachiwiri n'chakuti masana mitambo imakwera kuchokera m'zigwa, ndipo nyengo imasintha m'kanthawi kochepa. Mtunda wotsala ndi makilomita atatu okha, koma umatenga maola atatu kapena anai. Munthu amaponda kakhumi, n'kuima, n'kupuma ngati wathamanga. Pa malo oimirira kwambiri wotsogolera amasema makwerero m'chipale ndi kankhwangwa, enawo n'kumaponda momwe iye waponda. Palibe wolankhula. Ndiye kukamayera, wapatsogolo amafika pa mlomo wa chigwa chozungulira ngati mbale, ndipo pansi pake pali thamanda lija, laling'ono, lili duu pansi pa khoma la Junargali.

Ambiri amanena kuti poyamba amakhumudwa ndi kuchepa kwake. Kukhumudwako kumatha akatsikira pafupi. Wofika mu Meyi kapena Juni amapeza zambiri zili pansi pa chipale, koma wofika mu Seputembala amaona mafupa pansi pa madzi oyera, ena m'matope, ena pakati pa miyala. Pamalopa padapezekanso nkhwayira zachikopa, mphete ndi zidutswa za nsungwi, zinthu za anthu wamba amene adanyamuka kwawo akuyembekeza kubwerera.

Kwa zaka zambiri aliyense adali ndi maganizo ake. Ena ankati ndi asilikali a kazembe Zorawar Singh amene adagonja ku Tibet mu 1841, ena ankati ndi amalonda osokera, ena ankati ndi mliri. M'chaka cha 2004 kanema wa bungwe la National Geographic adaonetsa zotsatira za kupima kumene kudachitika ku Oxford, kosonyeza kuti mafupa amene adapimidwawo ndi a m'zaka za m'ma 800. Zigaza zina zidali ndi ming'alu pamwamba, yonga yobwera ndi chinthu chobulungira chogwa kuchokera kumwamba. Anthu adati basi, nyimbo za amayi zija zidanena zoona: gulu limodzi, tsiku limodzi, matalala. Yankholi lidali lokoma, ndipo lidakhazikika zaka khumi ndi zisanu.

Lidagwedezeka mu Ogasiti 2019, pamene magazini ya sayansi ya Nature Communications idafalitsa kafukufuku wa akatswiri a ku India, Amereka ndi Jeremani, mwa iwo a Éadaoin Harney ndi a David Reich a ku Harvard ndi a Niraj Rai a ku Lucknow. Iwo adapima DNA, chidindo cha mtundu chimene munthu amalandira kwa makolo ake, m'mafupa a anthu 38, ndipo adapimanso zaka za mafupawo. Amuna adalipo 23 ndipo akazi 15, chinthu chovuta kuchigwirizanitsa ndi nkhani ya gulu la nkhondo. Padalibe awiri amene adali pa ubale wapafupi, kotero silidali banja kapena mudzi wosamuka. Chizindikiro cha mliri sichidapezeke. Koma chachikulu chidali ichi: anthuwo sadafe nthawi imodzi. Anthu 23 adali a mitundu yosiyanasiyana ya ku India komweko, ndipo adafa pakati pa zaka za m'ma 600 ndi za m'ma 900, pa maulendo oposa umodzi. Ena 14 adafa zaka pafupifupi 1,000 pambuyo pake, cha m'ma 1800, ndipo magazi awo adali ofanana ndi a anthu a ku Crete ndi Greece, kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean. Mmodzi wotsala, wa nthawi yomweyo, adali wa mtundu wa kum'mwera cha kum'mawa kwa Asia.

Fupa limasunganso mbiri ya chakudya chimene mwini wake ankadya. Ambiri a gulu lakale lija ankadya zakudya zosiyanasiyana, ena mwa iwo mawere ndi mchewere, monga anthu a m'madera ena a India. A gulu la 14 ankadya zakudya za mtundu wa tirigu ndi balere, ndipo mawere sankawadya kwenikweni. Za gulu loyamba, n'kosavuta kuganiza kuti ena mwa iwo adali operekeza Nanda Devi amene nyengo idawatembenukira, ndipo nyimbo ya matalala ingakhale ikukumbukira tsoka limodzi mwa masokawo. Za gulu lachiwiri, akatswiriwo adanena poyera kuti sadapeze kalata, buku kapena chikumbutso cha m'mudzi chosimba za amuna ndi akazi ochokera kutali chotere amene adakwera phiri ili zaka mazana awiri zapitazo n'kuthera pomwepo. Zaka za m'ma 1800 si zakale kwenikweni. Idali nthawi ya zombo, makalata ndi mabuku a boma. Komabe anthu khumi ndi anai adasowa popanda wolemba kuti asowa.

Chimene chikadathandiza kumasula mfundoyi ndi malo enieniwo: kudziwa kuti uyu adagona pati, pafupi ndi yani, atagwira chiyani. Umboni umenewu udaonongeka. Miyala yogumuka kuchokera ku Junargali imasuntha mafupa chaka ndi chaka, koma manja a anthu adaononga koposa. Alendo akhala akutola zigaza ndi kuziunjika pa miyala kuti chithunzi chikome, kusakaniza munthu wa m'zaka za m'ma 800 ndi wa m'ma 1800 pa mulu umodzi, ndipo ena akhala akuika fupa kapena mphete m'chikwama n'kupita nazo kwawo. Munthu yemweyo sangayerekeze kuchita zotere pa manda a kwawo. Zikuoneka kuti kutopa kwa masiku asanu kumampatsa mlendo mtima woti phiri lili naye ngongole.

Msipu wa m'munsi nawo udalawa zomwezo. Ulendowu utatchuka m'zaka za m'ma 2010, pa Bedni Bugyal pankagona anthu ochuluka usiku uliwonse wa nyengo yabwino, mahema ali ndandanda, nyulu zikupondaponda udzu umene umakula miyezi yochepa yokha pa chaka, zinyalala ndi zimbudzi zikuchuluka. Bungwe la anthu a m'deralo lidakadandaula ku bwalo, ndipo mu Ogasiti 2018 bwalo lalikulu la milandu la Uttarakhand lidaletsa kugona usiku pa misipu ya m'mapiri m'chigawo chonse, lidalamula kuti zomanga zokhalitsa zichotsedwe, ndipo lidaika malire a alendo 200. Makampani akuluakulu otsogolera alendo adaimitsa maulendo awo a ku Roopkund, pakuti popanda kugona pa msipu panalibe njira yopatsira thupi masiku ozolowera mpweya. Udzu udapeza mpumulo. Koma ku Lohajung, ku Wan ndi ku Didna, eni nyulu, amtengatenga, ophika ndi eni nyumba zogona alendo adaona ndalama imene ankadalira ikuchepa m'nyengo imodzi, ndipo ambiri a iwo adali ana a abusa omwe aja amene msipuwo udali wawo kuyambira kale.

Wofika pa thamanda sakhalitsa. Patapita theka la ola kapena ola limodzi, namulondola amayang'ana mitambo ndi kuuza anthu ake kuti atembenuke, chipale chisanafewe. Kutsika n'koopsa kuposa kukwera, chifukwa miyendo yatopa ndipo maso ayang'ana kuphompho, koma pofika pa Patar Nachauni mutu umaleka kuwawa ndipo njala imabwerera. Kumbuyoko, cha kumapeto kwa Okutobala, madzi amayambanso kuundana, ndipo chipale chimakwirira mafupa otsalawo mpaka chaka chamawa. Mwa anthu mazana aja, amene DNA yawo idawerengedwa mozama mu kafukufuku wa 2019 ndi 38 okha.